Tsiku Lofulatira Bwana Chinthuli

Lorenso Zuze ankagulitsa nsomba zowamba pamsika wa Bangula, mlamba ndi makakana ochokera m'madambo a Shire. Anafika kuno ali mnyamata, pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo nkhondo itatha, anzake akubwerera kwawo, iye anatsala chifukwa anali atakwatira kale kwa Mbenje. Mkazi wakeyo anamwalira n'kumusiyira mwana mmodzi, Immaculate. Pamsika ponse ankamudziwa Lorenso kuti ndi munthu wothawa phokoso. Ndewu ikabuka pasiteji ya minibasi, anzake akuthamangirako kukaonerera, iye ankaphimba nsomba zake ndi chiguduli n'kukakhala kuseri kwa golosale mpaka zitazizira. Ena ankati ndi mantha chabe, ena ankati anaona zambiri ali wamng'ono. 

Chaka chimenecho Immaculate anamaliza maphunziro a uphunzitsi pa Yunivesite ya Thangadzi, sukulu yaukachenjede yatsopano imene inamangidwa chakumtunda kwa Bangula. Gulu la Immaculate ndilo linali loyamba kumaliza, kotero mwambo wopereka madigiri unali nkhani ya chigwa chonse. Atelala sankapuma ndi masuti ndi madiresi. Lorenso naye anasoketsa suti yakuda, yoyamba m'moyo wake, n'kuipachika pamsomali ataikuta ndi pepala la pulasitiki kuti isalowe fungo la nsomba.

Kenako akuluakulu a yunivesite analengeza kuti mlendo wolemekezeka, wodzayankhula pamwambowo, adzakhala bwana Macdonald Chinthuli. A Chinthuli anali ndi ng'ombe zosawerengeka, malole, ndiponso malo aakulu m'mbali mwa mtsinje amene anawatchinga ndi waya. Holo ya yunivesite anamanga ndi iwo, ndipo zinkamveka kuti akufuna kudzaimira pachisankho. Koma anthu ankadziwanso nkhani ina. Chaka chapitacho alonda awo anagwira bambo wina akudula bango m'kati mwa waya uja, pamalo pamene makolo ake ankadula kuyambira kale. Anamumangirira pamtengo n'kumukwapula mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anakafera kuchipatala. Mlandu wake unangozilala. Mwana wa bamboyo, Prudence, anali m'kalasi imodzi ndi Immaculate, ndipo naye ankayembekezera kulandira digiri tsiku lomwelo.

Ophunzira anakadandaula ku ofesi. Anati ngati pakusowa woyankhula, kuli bwino aitane m'busa kapena mphunzitsi wina wakale, ngakhale kungochita mwambo wopanda mlendo. Mkulu wa yunivesite anawayankha kuti mlendo sasankhidwa ndi ana asukulu, ndipo amene sakufuna akhale kunyumba, digiri yake adzaitengera pawindo.

Pamsika nkhaniyi inagawa anthu. Ogulitsa mpunga ankati ana a masiku ano akaphunzira amataya ulemu, munthu wakumangirani holo mungamuletse bwanji kutsegula pakamwa? Akabaza ena ankati mwambowo ndi wa ana ndi makolo awo, osati wa munthu wosaka mavoti. Panali mkulu wina wosoka nsapato amene ankati onsewo akungotaya malovu, chifukwa mawu a mlendo wolemekezeka palibe amawakumbukira, anthu amangodikira kuti dzina la mwana wawo litchulidwe aimbe nthungululu, basi. Lorenso ankamvetsera uku akuingitsa ntchentche pansomba zake.

Woyandikana naye benchi anali Esinala, mayi wamasiye wogulitsa mchere ndi tomato. Anagulitsa moyandikana zaka zambiri, mpaka ana awo anakulira pansi pa mabenchi omwewo. Mwana wa Esinala, Symon, anaphunzira limodzi ndi Immaculate kupulayimale ndipo m'kalasi ankamupitirira, koma anasiyira panjira bambo ake atamwalira. Anapalasa kabaza kwa kanthawi, kenako analowa m'gulu la anyamata oyenda ndi a Chinthuli, aja okwera kumbuyo kwa pikiapu atavala matisheti ojambulidwa mutu wa ng'ombe. Esinala sankaikonda ntchitoyo, koma ndi imene inkabweretsa ufa pakhomo. Pa za mlendo wolemekezekayo anangonena kamodzi, kuti iye akupempha Mulungu kuti tsikulo lidutse.

Kutatsala masiku ochepa, Immaculate anabwera kumsika chakumadzulo kudzathandiza bambo ake kulongedza. Akumangirira madengu panjinga, anawaululira zimene anagwirizana ndi anzake. Sadzakuwa, sadzatukwana, sadzanyamula chikwangwani chilichonse. A Chinthuli akadzangoima kuti ayankhule, onse ovala magauni adzaimirira n'kuwafulatira, n'kukhala chete mpaka atamaliza.

Lorenso anasiya chingwe chili lende. Anamuuza mwana wake kuti iye anthu otere amawadziwa, kuwatukwana kumbali amaseka, koma kuwachititsa manyazi pagulu saiwala. Anamupempha kuti atenge kaye pepala lake, zoyankhula adzayankhule atayamba ntchito.

"Baba, Prudence adzakhala pambali panga penipeni," Immaculate anatero. "Mukufuna ndidzaombe m'manja iye ali pomwepo?"

"Sindikuti uombe m'manja. Ndikuti ukhale pansi basi."

"Nanga anzanga onse akaimirira, ine ndikhale ndekha?"

Lorenso anamaliza kumanga chingwe chija. Anakankha njinga, mwana wake akutsatira pambuyo, ndipo mpaka kufika kunyumba palibe anaiyambanso nkhaniyo.

Mwambo unachitika mu Novembala, mvula isanagwe. Holo inachepa, kotero anakhoma matenti pabwalo la mpira, ya akuluakulu kutsogolo, ya ophunzira pakati, a makolo m'mbali ndi kumbuyo. Anthu anabwera pangolo, panjinga ndi pamalole, ochokera kwa Mbenje, kwa Kasisi, ena kutsidya kwa Shire. Amayi ananyamula nkhata za maluwa a pulasitiki zoti adzaveke ana awo. Lorenso anapeza mpando cha kumapeto kwa tenti ya makolo, pamene ankatha kuona chisoti cha Immaculate pamzere wachiwiri.

Anthu anauzidwa kuti zonse ziyamba m'mawa, koma dzuwa linafika paliwombo mlendo asanaoneke. Pansi pa matenti pankatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Madzi anatha m'migolo. Kwaya inaimba mpaka mawu kusasa, kenako inangokhala pansi. Mtsikana wina wovala gauni anakomoka, anzake n'kumutulutsa atamunyamula. Agogo amene anadzuka tambala woyamba anayamba kung'ung'udza, akufunsa ngati anabwera kudzaona ana awo kapena kudzadikira munthu mmodzi. Suti ya Lorenso inamata pamsana, koma jekete sanavule.

Dzuwa litayamba kupendeka, fumbi linaoneka kumsewu. Kutsogolo kunali galimoto yakuda ya bwana, pambuyo mapikiapu awiri odzaza ndi anyamata. Anadumpha magalimoto asanaime. Ambiri anali atamanga nsalu kumaso chifukwa cha fumbi, ndipo atatsika sanazichotse. Lorenso anayesa kufufuza Symon pakati pawo koma sanamuzindikire. Chimene anaona n'chakuti mmodzi anatsitsa thumba lalitali, ndipo poligwetsa pansi linalira zitsulo. Anyamatawo sanapite kukakhala kumbuyo monga ankachitira pamisonkhano. Anandanda m'mbali mwa tenti ya ophunzira. Pamenepo Lorenso anadziwa kuti wina anakaulula zimene ana aja anapangana. Anayesa kukodola Immaculate, koma mwanayo maso anali kutsogolo.

Mkulu wa yunivesite anayankhula nthawi yaitali, akutamanda mlendoyo, kuwerenga zonse zimene anachitira sukulu. Kenako a Chinthuli anaimirira. Anali munthu wamfupi, wonenepa, wa mawu okoma m'makutu. Anakonza maikolofoni, n'kuyamba ndi kuti, "Ana anga."

Woyamba kuimirira anali Prudence. Immaculate anatsatira. Kenako mipando inalira mzere ndi mzere, magauni akuda akutembenuka, mpaka ambiri mwa ophunzirawo anayang'ana kwa makolo awo, misana italoza kwa mlendo. Ochepa anakhalabe pansi atazolika. Bwalo lonse linangoti zii, moti Lorenso ankamva jenereta ikulira kuseri kwa holo. Nkhope ya mwana wake tsopano ankaiona bwino. Mwanayo anaima nji.

A Chinthuli anaseka pang'ono n'kupitiriza. Anati iwo kuyunivesite sanapondeko, koma anthu a madigiri amabwera pakhomo pawo kudzapempha ntchito zipewa zili m'manja. Anayankhula za khama, za ng'ombe yawo yoyamba. Mawu awo anayamba kukwera ndi kuuma. Kenako anasiya pepala lomwe ankawerenga.

"Ine ndimayankhula ndi nkhope, osati misana. Tembenukani, ana anga."

Palibe anatembenuka. Mayi wina wachikulire m'tenti ya makolo anaimba nthungululu, yekhayekha, yaitali. Kumbuyo mwamuna wina anakuwa dzina la malemu bambo ake a Prudence, wina n'kulibwereza.  A Chinthuli anaika maikolofoni patebulo n'kuyang'ana kumene kunaima anyamata awo.

Anyamatawo analowa mbali zonse ziwiri. Poyamba zinali zikoti. Zinkalira pamagauni ngati munthu akupuntha mpunga, ndipo ophunzira a m'mphepete anagwera anzawo a m'kati, mipando ya pulasitiki ikuthyoka pansi pawo. Mnyamata wina wovala gauni anagwira chikoti n'kuyamba kulimbirana ndi mwiniwake, ndipo apo ndi pamene zikwanje zinatuluka m'thumba lija. Ena ankamenya ndi msana wa chikwanje, ena sankasamala mbali imene ikutera. Lorenso anaona mphunzitsi wina akuthamangira pakati manja ali m'mwamba, akuti alekeni, n'kumuona akugwa atagwira pakamwa, mano ali m'dzanja. Mayi wobereka mwana anapondedwa pothawa. Zisoti zinamwazika pabwalo ponse.

Miyendo ya Lorenso inachita zimene inazolowera. Pozindikira anali atatuluka kale m'tenti, akulunjika kumpanda limodzi ndi anthu othawa. Anaima pamene anakumbukira kuti Immaculate ali pamzere wachiwiri. Anabwerera, akukankhana ndi khamu limene linkabwera chakumaso kwake. Wina anamugunda ndi chigongono padiso. Anagwa, n'kudzuka. Mbali imodzi ya tenti ya ophunzira inali itagwa, anthu akuphiriphitha pansi pa chinsalu, anyamata aja akumenya paliponse potukuka.

Kenako anamuona. Immaculate anali chogwada, Prudence atagona pansi pake. Dzanja lamanja la gauni ya Immaculate linali litang'ambika, ndipo kuchokera pachigongono mpaka padzanja mnofu unali utatseguka, magazi akutsika m'zala. Pamwamba pake panaima mnyamata wa tisheti ya mutu wa ng'ombe, nsalu ili kumaso. Dzanja limodzi anagwira chikwanje, linalo anagwira gauni ya Immaculate pakhosi, akumukoka.

Lorenso anapunthwa pa chikhomo cha tenti chimene chinali chitazuka, chitsulo chotalika ngati mkono. Anachitola osaganiza. Sanakuwe, sanachenjeze. Anafika kumbuyo kwa mnyamatayo n'kumenya ndi manja awiri, ndi mphamvu zonse za munthu amene wanyamula madengu moyo wake wonse. Chitsulocho chinatera kuseri kwa khutu. Panamveka ngati dzungu lagwa pangolo. Mnyamatayo anagwada, chikwanje chinapulumuka, kenako anagwa chagada, ndipo nsalu ija inatsetserekera pakhosi.

Anali Symon. Maso ake anali otsegula, akuyang'ana Lorenso. Pakamwa pake panayenda ngati akufuna kupereka moni, koma m'khutu ndi m'mphuno munayamba kutuluka magazi, ndipo mwendo umodzi unkapalasa pansi wokha.

Nthawi yomweyo zinthu zinatembenuka. Makolo amene anathawira kumpanda anapeza mulu wa njerwa pamene ankamanga nyumba yogona ophunzira, ndipo anabwerera nazo. Anali ochuluka kwambiri kuposa anyamata aja. Asodzi a kwa Mbenje, odula nzimbe, amayi atamanga zitenje m'chiuno, onse anabwera akugenda. Njerwa zinkagwa ngati matalala. Anyamata a bwana anayamba kubwerera m'mbuyo, kenako analiyatsa liwiro, ena akuvula matisheti n'kuwataya. Galimoto yakuda inatuluka pageti galasi lakumbuyo litaphwanyika, pikiapu imodzi ikuitsatira anthu akulendewera. Inayo anthu anaigubuduza n'kuithira moto, utsi wakuda wa matayala n'kuphimba bwalo.

Lorenso anavula tayi n'kumanga mkono wa Immaculate pamwamba pa bala, akukoka mfundo ndi mano. Anzake a Prudence anali atamunyamula kale mnzawoyo. Immaculate ankayesa kunena chinachake, akuloza Symon, koma mutu wake unagwera paphewa la bambo ake. Lorenso anamukweza kumsana. Akudzuka, amuna angapo anafika njerwa zili m'manja, ataona tisheti ya mutu wa ng'ombe ili pansi.

"Msiyeni ameneyo, ndi mwana wa pamsika," Lorenso anatero. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono, ndipo palibe anamumva. Magazi a mwana wake ankamutsikira m'khosi, ofunda. Anayang'ana Symon, anayang'ana geti, n'kuyamba kuthamanga. Ali pageti anacheuka kamodzi. Anaona gulu litazungulira malo aja, manja akukwera ndi kutsika.

Apolisi anafika iye ali kale pamsewu. Anamva kuphulika kwa utsi wokhetsa misozi kumbuyo kwake. Mwini ngolo wina anawakweza, pamodzi ndi ovulala ena, ndipo ng'ombe zinathamangitsidwa ndi chikwapu mpaka kuchipatala.

Immaculate anasokedwa mkono, ndipo adokotala anati zala ziwiri mwina sizidzapindikanso bwino. Anatsitsimuka m'mawa mwake. Lorenso anali atakhala pansi pambali pa bedi, malaya ake oyera atauma gwa ndi magazi. Choyamba kufunsa mwanayo chinali za Symon. Bambo ake anamuuza zimene chipatala chonse chinkadziwa kale, kuti anafika naye atatsirizika.

Immaculate anatseka maso. Kenako anayankhula motsitsa, kuti odwala ena asamve.

"Baba, wonditema sanali Symon. Anali wina wamtali. Symon anamukankha, n'kundigwira kuti anditulutse. Ankati tiye, Ima, tiye. Ine ndimakana chifukwa cha Prudence."

Lorenso anadzuka n'kutuluka panja. Anakafika pampopi wa kuseri kwa wodi, anatsegula madzi, koma sanasambe. Anangoima, madzi akutayika, mpaka mayi wina wodikira wodwala anabwera kudzatseka.

Masana a tsiku lomwelo kanema anali atafika kale m'mafoni a anthu. Wina anajambula ndewuyo ali pamwamba pa tebulo. Pogenda njerwa paja utsi unaphimba, nkhope sizinkaoneka. Koma bambo wa suti yakuda akukweza chitsulo ankaoneka bwinobwino, ndipo ku Bangula kunalibe amene akanalephera kumuzindikira. Anzake a pamsika anabwera kudzamuuza kuti awoloke Shire, akabisale kwa abale ake ku Mozambique mpaka zitazizira, bwato lilipo. Lorenso anati nkhabe, sapita, anathawa kamodzi ali mwana ndipo kwamukwana. Koma asanapite kupolisi anafuna kuonana ndi Esinala.

Anamupeza pakhomo pake, maliro asanabwere, atakhala pamphasa pakati pa amayi a mpingo. Anthu atamuona akulowa pabwalo, nyimbo inaduka. Achibale aamuna anaimirira, mmodzi n'kutola mpini wa khasu. Lorenso anagwada patali, pafumbi, n'kunena zonse, kuti anamenya ndi iye, kuti sanadziwe kuti ndi Symon, ndiponso zimene Immaculate anamuuza m'mawa. Ankaganiza kuti mayiyo ayenera kudziwa kuti mwana wake anafa akupulumutsa mnzake. Mwamuna wa mpini uja anafika n'kumumenya paphewa, kenako m'nthiti. Lorenso anagwa chammbali osadzitchinjiriza. Akanapitiriza, koma Esinala anakweza dzanja.

"Musaphere munthu pakhomo panga," anatero. Kenako anayang'ana Lorenso. "A Zuze, mwana uja munkamupatsa mitu ya nsomba ali wamng'ono. Simunamudziwe ngakhale ndi msana?"

Lorenso anati sanamudziwe. Esinala anafunda chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma. Lorenso anadzuka movutika, atagwira nthiti, n'kuyenda wapansi mpaka kupolisi.

Za maliro anamva ali m'chitolokosi. A Chinthuli anagula bokosi lodula, anatumiza ng'ombe ndi matumba a ufa, ndipo kumanda anayankhula nthawi yaitali za ana osaleredwa bwino amene asandutsa sukulu kukhala bwalo la nkhondo. Pamaliropo palibe anawafulatira. Mwa anyamata awo, awiri anagwidwa n'kutulutsidwa pa belo, ndipo nkhani yawo sinamvekenso. Wamtali uja sanapezeke. Yunivesite inatsekedwa kwa kanthawi, ndipo itatsegulidwa ophunzira anakatenga madigiri awo ku ofesi mmodzimmodzi, popanda gauni kapena kwaya.

Pamsika mkangano unapitirira, ndipo Immaculate ankafotokozera bambo ake akabwera kudzawaona ku limandi, kumene ankadikira mlandu. Ena ankati ana aja anachita bwino, anaonetsa chigwa chonse kuti ulemu sugulidwa ndi holo. Ena ankati taonani tsopano, mwana wa mayi wamasiye ali m'manda, bambo wosalakwa ali m'ndende, chifukwa cha mphindi zochepa zokhala pansi n'kumvera munthu akubwebweta. Ena ankaloza mkulu wa yunivesite, kuti anachenjezedwa koma anaumitsa khosi. Tsiku lina Immaculate anafunsa bambo ake maganizo awo, ngati akuona kuti iye ndiye anayambitsa zonsezi poimirira. Lorenso anayang'ana chipsera chimene chinayenda pamkono wa mwana wake ngati bongololo. Anati funso limenelo amalisinkha usana ndi usiku, tsiku lina amapeza yankho ili, mawa lake lina. Chimene ankadziwa n'chakuti chitsulo chija anatola ndi iye, osati Immaculate.

Mlandu unazengedwa patapita nthawi yaitali, khothi lalikulu litabwera ku Nsanje. Dokotala anati mabala a m'mutu anali ambiri, sakanatha kunena limene linapha. Loya wa boma amene ankaimira Lorenso anamulangiza kuti akane mlandu, popeza njerwa zinali zambiri ndipo ogenda sakudziwika. Lorenso anati iye anaona maso a Symon njerwa zisanayambe, ndipo anavomera. Immaculate anapereka umboni, akufotokoza zonse monga zinachitikira. Esinala anakhala pabenchi yakumbuyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wowonda, tsitsi litachita imvi. Woweruza atamufunsa ngati ali ndi mawu, anaimirira n'kunena kuti amene anatuma mwana wake kumeneko sakumuona m'khothi muno, ndiye alibe choti anene. Lorenso anagamulidwa kukakhala kundende zaka zisanu, pa mlandu wopha munthu mosakonzekera.

Anamukweza m'lole ya ndende limodzi ndi akaidi ena. Lole inachedwa kunyamuka chifukwa woyendetsa anali atapita kukagula madzi. Kudzera pa waya wa pazenera, Lorenso ankaona siteji ya minibasi tsidya la msewu. Immaculate anali ataima pamenepo, chikwama chili m'khwapa. Patali pang'ono, pamthunzi wa mtengo wa nimu, panaima Esinala. Sankayang'anana. Minibasi yopita ku Bangula inali imodzi yokha, ndipo kondakitala ankamenya chitseko akuitanira kuti kwatsala malo a anthu awiri. Esinala ndiye anayamba kuyenda, n'kukwera movutika atagwira bondo. Immaculate anazengereza. Kondakitala anamufunsa ngati akupita kapena ayi. Anayang'ana kumene kunali lole, ngakhale sakanatha kuona bambo ake m'katimo, kenako anawerama n'kulowa, chitseko n'kutsekedwa.

Minibasi inanyamuka kulowera kumpoto. Woyendetsa lole anabwera, msilikali wa ndende anauza Lorenso kuti achoke pazenera akhale pansi, ndipo anakhala.